Nyama Yopanda Fungo

Ejerslev, Mors
8 Sepitembala

Okondedwa achimwene Esben,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Bergen kumeneko? Kodi mvula ikugwabe tsiku ndi tsiku monga munanenera? Kuno tilipo. Pepani kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Chibwibwi changa mukuchidziwa. Pa foni mawu amandikanirira pakhosi, ndipo inu kukhitchini kwa hotela simungaime n'kumadikira mpaka atuluke. Papepala ndimatha kufufuta n'kuyambiranso.

Katundu munatumiza uja wafika Lachinayi. Zikomo kwambiri. Ndinatsegulira bokosilo patebulo, bambo akuyang'ana. Anaitola ndodo yophikira ija, kuitembenuza uku ndi uku, kusuzumira kunsi kwake, kenako anati, "Mlongo wako watitumizira chotenthetsera madzi a nkhumba."

Ndinawawerengera kapepala kanu ka malangizo kamene kanali momwemo: nyama imaikidwa m'kathumba ka pulasitiki, kathumbako kamamizidwa m'poto wa madzi, ndodo imamangiriridwa m'mbali mwa poto n'kumafunditsa madziwo pang'onopang'ono tsiku lonse, mpaka nyama itafewa moti munthu wovutika kumeza angameze.

"Ndiye kuti nyama yanga izisamba kaye ndisanaidye?"

"Inde, bambo."

"Sopo watumizanso?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti amayi akanakhalapo akanaika maluwa m'potomo.

Pali chinthu chimodzi choti mudziwe. Bambo andilonjezetsa kuti m'makalata ndisalembe za pakhosi pawo, kapena zimene adokotala a ku Nykøbing amanena tikapita. Akuti munthu amene ali pa ntchito kunja satumiziridwa madandaulo. Ndinagwirana nawo chanza, ndalonjeza. Choncho ndizilemba za makina okha. Chonde muziwerenga bwinobwino.

Vuto loyamba ndi ili. Loweruka ndinaika nyama ya nkhumba m'mamawa, ndinatchera manambala ndendende monga munalembera. Sindinakhudze batani lina lililonse. Ndinapita kukadyetsa abakha ndi kukumba mbatatesi. Pobwera ndinapeza ndodo ikulira kuti pi, pi, pi, kanyali kofiira kakuphethira, madzi atazizira. Sindikudziwa kuti inaima nthawi yanji. Ndinaopa kuwapatsa bambo nyamayo, ndinaphikira galu wathu Sofus. Lamulungu zinachitikanso chimodzimodzi. Kodi ndaiwononga? Ndiuzeni zoona, sindikhumudwa.

Abakha akunenepa bwino chaka chino. Bambo asankha kale wa mawanga pakhosi uja, akuti ndiye wodzadya pa tsiku la Morten, chikondwerero chathu cha mu Novembala chija. Amayi atamwalira munkawotcha bakha wa Morten ndinu. Chichokereni inu ndimawotcha ndine, koma khungu lake silikhala ngati la bakha wowotcha inu. Bambo amangolisiya m'mbali mwa mbale. Kodi chaka chino mungabwere?

Ine mlongo wanu,
Thyra

Bergen
17 Sepitembala

Kambewa kanga,

Moni kwa iwe, kwa mdala, kwa Sofus wodya nyama ya mabwanayo, ndi kwa bakha wa mawanga amene sakudziwa zimene zikumudikira. Ine ndili bwino, kungoti mapazi. Mvula ikugwa, inde. Kuno ikasiya anthu amatuluka panja kukaona chimene chalakwika.

Sunawononge chilichonse, usalire. Iwe sungawononge ngakhale dzira. Yang'ana pa ndodoyo, pali timizere tiwiri, kena m'munsi kena m'mwamba. Madzi azikhala pakati pa timizereto. Poto akakhala wosavundikira tsiku lonse, madzi amachoka ngati nthunzi, akatsika kupitirira kamzere ka m'munsi ndodo imadzizimitsa yokha kuti isapse. Kulira kuja imaitana iwe. Ndiye vundikira. Chivundikiro sichikwana bwino chifukwa cha ndodo, choncho kuta pakamwa pa poto ndi pulasitiki wokutira chakudya uja, usiye kampata ka ndodo kokha. Masana uzisuzumira, akatsika uziwonjezera madzi otentha, osati ozizira. Potoyo umuike pathabwa lodulira buledi, mwala wa patebulo lathu lija umaba kutentha.

Nyama ija unachita bwino kusawapatsa. Ikazizirira m'madzi nthawi yosadziwika, si ya munthu.

Zoti mdala wakuletsa kulemba za matenda, ndaseka. Ndi yemweuja. Ukukumbuka atathyoka nthiti ndi ng'ombe ija, anamaliza kaye kukama asanauze amayi? Usade nkhawa kwambiri, Kambewa. Munthu ameneyo ndi chitsa, adzatiika m'manda tonse awiri n'kudandaula kuti maliro adula. Uwauze kuti sopo ndidzatumiza ulendo wina.

Za Morten, tiona. Mu Novembala mapwando a Khirisimasi a makampani amakhala atayamba, ndipo bwana wathu munthu akangotchula tchuthi amagwira pamtima ngati akukomoka. Ndiyesa.

Undilembere mmene zayendera. Nanga Kresten woyandikana nafe uja akadali kuyendetsa thirakitala lake pakati pa msewu ngati ndi la mfumu?

Mlongo wako,
Esben

Ejerslev, Mors
29 Sepitembala

Okondedwa achimwene,

Moni. Ndikhulupirira mapazi ayamba kupeza bwino. Amayi ankati muziwaviika m'madzi a mchere. A Kresten akadali pakati pa msewu, ndipo akuti ndikupatseni moni. Masiku ano ndi amene amatitengera ku Nykøbing, chifukwa bambo asiya kuyendetsa galimoto.

Za madzi zija zatheka. Ndinakuta ndi pulasitiki, ndinaika thabwa pansi, ndodo sinaimenso. Zikomo. Koma patuluka mavuto ena awiri.

Loyamba, kathumba kakuyandama. Ndimakamiza bwinobwino m'mamawa, koma pofika masana kamakhala katatupa n'kukwera pamwamba ngati chule wakufa. Mbali ya nyama imene ili kunja kwa madzi siipsa. Ndinayesa kukapsinja ndi mbale, mbaleyo inaterereka.

Lachiwiri, kunsi kwa ndodo kwamera zoyera zolimba, zonga zimene zimamera m'ketulo yathu. Ndodo yayambanso kulira mwachilendo, ngati muli mchenga. Bambo akuti ikufuna girisi. Ndawabisira chitini cha girisi.

Ndili ndi funso linanso. Mu kapepala kanu munalemba nthawi yophikira nyama yaikulu ngati chikhatho. Nanga ikakhala yaing'ono ngati bokosi la machesi? Masiku ano ndikuphika yotero, chifukwa yaikulu imatsala. Ndiponso, kodi pali njira yoti ifewe kuposa pamenepa? Ndikutanthauza kufewa koti munthu asatafune n'komwe.

Dzulo ndinawaphikira nsomba imene a Kresten anabweretsa. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Iyi yabwerera m'madzi kawiri," anatero. "Mwayi wake."

"Lawani pang'ono, bambo."

"Ndalawa ndi maso. Mnyamata uja walemba zotani?"

Ndinawawerengera kalata yanu yonse. Pa chitsa paja anagwedeza mutu, anati, "Mwano sunamuthere." Kenako anandiuza kuti ndiwerengenso kuyambira poyamba. Ili pansi pa chikho chawo cha khofi mpaka lero, ngakhale khofiyo sakumwanso, amangomugwira kuti manja afunde.

Achimwene, kodi simungabwere kudzaiona nokha ndodoyi? Ine ndimafotokoza mmene ndingathere, koma zina sizilembeka. Ndikuona kuti ndi bwino muione ndi maso anu zinthu zisanafike poipa. Ngakhale Loweruka ndi Lamulungu lokha. Chipinda chanu ndachikolopa, ndipo zovala za pabedi ndachapa.

Ine mlongo wanu,
Thyra

Bergen
12 Okutobala

Kambewa,

Pepa ndachedwa kuyankha. Mnzathu wina wa kukhitchini wadzicheka chala mpaka kuchipatala, ndiye ntchito ya anthu awiri yagwera ine. Muli bwanji nonse? Mbatatesi mwamaliza kukumba?

Tiyambe ndi chule wakoyo. M'kathumba mukutsala mpweya, ukafunda umatupa. Uzichita chonchi: ika nyama, usatseke kathumbako. Kamize pang'onopang'ono m'madzi pakamwa pake pali m'mwamba. Madzi amakankha mpweya wonse okha. Pakamwa pakatsala pang'ono kufika m'madzi, tseka. Kakachitabe makani, ponyamo supuni yachitsulo pamodzi ndi nyamayo. Osati masupuni a siliva a agogo, mdala angandiphe.

Zoyerazo ndi madzi a kwathuko, ali ndi laimu wambiri. Thira viniga ndi madzi mofanana mu jagi yaitali, imikamo ndodo, iyatse kwa kanthawi, kenako tsuka. Mchenga uja utha. Girisi upitirize kubisa.

Nyama yaing'ono nthawi yake ndi yomweyo ngati ukufuna ifewe. Ukafuna yosatafuna, isiye mpaka mawa lake, imachita kusungunuka. Koma bokosi la machesi, Thyra? Usamumane mdala chifukwa choopa kuwononga. Nyama ndi yodya.

Tsopano zoti ndibwere kudzaona ndodo. Mlongo wanga, ndikwere ndege ndi sitima ndi basi chifukwa cha ndodo? Ndodo imeneyo ndinasankha ndekha, ndi mtundu womwe timagwiritsa ntchito kuno. Ngati ukuona kuti ndinakutumizirani chinthu chachabechabe, ingonena, ndituma ina. Ndikudziwa kuti kumeneko chilichonse chochokera kwa ine chimayamba chakayikiridwa kaye. Sindikunena iwe.

Chita zimene ndalembazi, uona, zonse zikhala bwino.

Esben

Ejerslev, Mors
21 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Moni. Pepani ngati ndinakukhumudwitsani. Ndodo si yachabechabe. Ndi mphatso yabwino, ndipo ndimaipukuta tsiku lililonse. Musatume ina. Mnzanu wa chala uja ali bwanji?

Zonse munanena zatheka. Kathumba kakumira. Viniga wachotsa zoyera zija, ndodo ikungong'ung'udza pansipansi. Nyama ya ng'ombe ndinaisiya mpaka mawa lake, inafewa moti ndinaidula ndi supuni. Palibe chimene chalakwika. Ndayang'ana kapepala kanu mzere ndi mzere.

Koma bambo sakudya.

Lachiwiri ndinawafunsa ngati mwina ndachepetsa mchere. Anati ayi. Ndinafunsa ngati yalimba. Anati ayi, ngakhale khanda lingadye.

"Nanga n'chiyani, bambo?"

"Tamununkhiza m'nyumba muno."

Ndinanunkhiza. "Sindikumva kanthu."

"Ndi zomwezo. Waphika tsiku lonse, koma nyumba ikununkhira ngati tchalitchi Lolemba. Taona Sofus, sanadzuke n'komwe. Kale amayi ako akaika chiwaya pamoto, ine ndili kukhola, mphuno inkandiuza kuti ndili ndi njala. Tsopano palibe wondiuza."

Ndinanunkhiza nyamayo pambale. Akunena zoona, achimwene. Ndi yofewa, koma ndi yotuwa, ndipo fungo lonse limatsala m'kathumba. Kodi vuto limeneli lili ndi mankhwala ake? Mu kapepala kanu mulibe.

Izi zotsatirazi si za pakhosi, ndiponso sananene ndi adokotala, choncho ndikuona kuti ndikhoza kulemba osaphwanya lonjezo. Bedi lawo talitsitsa, lili pabalaza, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Anatithandiza kunyamula ndi a Kresten. Mathalauza awo ndawabweza m'chiuno kachiwiri. Namwino amabwera m'mawa uliwonse. Abakha ndimadyetsa ndekha, iwo amawaonera pazenera. Abusa anabwera Lachisanu, ndipo bambo sanawathamangitse.

Ndinawauza kuti ndakuitanani pa Morten. Anapempha cholembera. Kapepala kawo ndaika momwemu. Sindinawerenge, anapinda okha. Anatenga nthawi yaitali kuti alembe.

Chonde muyankhe msanga za fungo.

Ine mlongo wanu,
Thyra

Esben,

Ndodo yako ikugwira ntchito. Imalira ngati ntchentche m'botolo. Abakha ali bwino. Mphepo yagwetsa mtengo wa maapozi wa kuseri kwa khola. Thyra akuti wakuitana pa Morten. Usadzivute. Ntchito ndi ntchito, munthu sasiya anzake pa moto. Bakha amadyeka ngakhale iwe palibe. Ukamaphikira anthu kumeneko usamachulutse mchere.

Bambo ako,
Ejnar

Ejerslev, Mors
4 Novembala

Okondedwa achimwene,

Moni. Kalata yanga ya pa 21 simunayankhe, mwina ntchito yachuluka.

Dzulo ndinaimba foni ndine. Ndinapita kuseri kwa khola kuti bambo asamve. Mawu ndinawakonza kale, ndinawalemba papepala, ndinawayeserera kwa abakha. Mutayankha ndinamva mapoto ndi anthu akukuwa, ndipo mawu oyamba anakanirira. Ndinalimbana nawo. Inu munati, "Kambewa, ndi ndodo ija kodi? Izule kumagetsi, udikire pang'ono, uilumikizenso. Ndikulembera, pano moto wavuta." Sindikukuimbani mlandu. Munadikira ndithu pang'ono, ndinamva.

Ndiye ndilemba. Ndikuphwanya lonjezo limene ndinagwirana chanza ndi bambo. Sindinaphwanyepo lonjezo kwa iwo chibadwire.

Chotupa cha pakhosi chija chakula, ndipo chafalikira kuchiwindi. Adokotala anasiya mankhwala olimbana nacho kumayambiriro kwa Sepitembala, ndodo yanu isanafike n'komwe. Atsala ndi oletsa ululu okha. Ndinawafunsa adokotala pakhonde, bambo ali m'galimoto ya a Kresten. Anati mwina afika Khirisimasi, mwina ayi. Panopa akumeza msuzi wokha, masupuni ochepa.

Zimene analemba mu kapepala kawo sindikuzidziwa, koma ndikuwadziwa iwo. Ngati analemba kuti musabwere, dziwani kuti galimoto iliyonse ikamadutsa pamsewu amadzutsa mutu. Basi ya masana ikaima pamphambano amandituma kuti ndikaone ngati geti ndi lotseka, chonsecho geti ndi lotseka nthawi zonse.

Bwerani, achimwene. Si za ndodo. Sizinali za ndodo kuyambira pachiyambi, kungoti mavuto ake analidi oona.

Ine mlongo wanu,
Thyra

Bergen
4 Novembala

Kambewa kanga,

Moni nonse. Pepa za dzulo pa foni, unandipeza nsomba zili pamoto, bwana ali pakhosi panga. Ndinangomva kupuma kwako. Ndodo yadzukanso? Kawirikawiri kuizula n'kuilumikizanso kumakwanira.

Nditaweruka ndinawerenganso kalata yako ya fungo ija, ndipo ndinadzimenya pachipumi. Ndine chitsiru. Ndinakuphunzitsa zonse kupatula chomaliza, chifukwa kwa ife kukhitchini n'chodziwikiratu moti sitichitchula. Nyama ikatuluka m'kathumba sinathe! Madzi amangoifewetsa, fungo limabwera ndi moto. Mdala akunena zoona, koma usamuuze kuti ndavomera.

Pa Morten uchite chonchi. Kresten akuphere bakha. Tenga miyendo yokha, thira mchere, ika m'kathumba, imize kuyambira dzulo lake, manambala ndalemba kuseri kwa pepalali. Nthawi yodya ikakwana itulutse, uipukute ndi nsalu mpaka iume gwa. Ichi n'chofunika, yonyowa siipsa khungu. Tenga chiwaya chakuda cha amayi chija, osati chopepukacho. Chitenthe mpaka uyambe kuchita mantha. Ponyamo batala, akachita thovu n'kuyamba kufiira, goneka mwendo, khungu pansi. Usaugwedeze. Ndikukudziwa, ufuna kusuzumira. Usasuzumire. Ponyamo kagawo ka apozi ndi kanthambi ka thaimu, timasamba tonunkhira tija. Utsi ukadzaza nyumba usatsegule zenera, chitseko cha pabalaza chikhale chotsegula. Ukaona Sofus wadzuka, ndiye kuti zatheka.

Kapepala ka mdala ndawerenga. Wanena yekha kuti ndisadzivute, ndiye bwana ndamuuza kuti ndigwira mpaka mapwando atatha. Kunena zoona ndinali nditayamba kuyang'ana matikiti, koma sindikufuna kufika pakhomo n'kufunsidwa kuti ntchito ndasiyira yani. Ndibwera Khirisimasi ikangodutsa, ndidzakhala sabata yathunthu, ndidzadula mtengo wa maapozi uja. Zoti watsitsa bedi wachita bwino, masitepe aja ndi oipa kwa aliyense.

Umuuze kuti mchere wanga anthu amaulipira ndalama zambiri kuno.

Mudye bwino bakha. Undisungire mwendo umodzi mufiriji.

Mlongo wako,
Esben

Ejerslev, patebulo la kukhitchini
19 Novembala

Okondedwa achimwene,

Moni, ngakhale muli m'chipinda cham'mwamba ndipo ndikumva mukuyendayenda. Kalatayi ndiika pansi pa chikho chanu. Musaseke kuti ndikulembera munthu amene tili naye nyumba imodzi.

Dzulo potuluka kumanda, pageti la tchalitchi, munandifunsa kuti, "Bambo anafunsa za ine?" Ndinatsegula pakamwa, mawu anakanirira. Munadikira, kenako munagwedeza mutu n'kunena kuti, "Chabwino, ndamva," ndipo munapita kukadula mtengo wa maapozi ndi suti ya maliro. Simunamve, achimwene. Ndinali ndisanayankhe. Yankho lake ndi lalitali, ndiye nali.

Makalata athu anaphonyana panjira. Yanga munaipeza m'bokosi la makalata tsiku lomwe abusa anakuimbirani. Yanu inafika kuno m'mawa wa tsiku la Morten. Miyendo ya bakha inali kale m'madzi, chifukwa a Kresten anapha wa mawanga uja dzulo lake, ndipo ndinaganiza ndekha zoyesa ndodo. Manambala anga anasiyana pang'ono ndi anu, koma osati kwambiri.

Bambo tsiku limenelo anali ofooka. Kuyambira Lamulungu anali asanameze kanthu kupatula madzi. Namwino anati ndisavutike ndi kuphika. Koma linali tsiku la Morten, ndipo m'nyumba muno sitinadumphepo.

Dzuwa likupendeka ndinatsitsa chiwaya chakuda cha amayi. Mwendo umodzi ndinasunga mufiriji monga munapempha. Winawo ndinaupukuta mpaka unauma. Chiwaya ndinachitentha mpaka ndinachita mantha, ndipo ndinadikirabe pang'ono chifukwa ine mantha amandifika msanga. Ndinaponya batala. Ndinagoneka mwendo. Unalira kwambiri moti ndinadumpha. Sindinasuzumire. Ndinaika manja kumbuyo kuti ndisaugwire. Utsi unadzaza khitchini, unalowa pabalaza.

Sofus anadzuka.

Kenako ndinamva mawu a bambo, amphamvu kuposa masiku onsewa.

"Thyra! Tabwera kuno."

Ndinathamanga. Ndinawapeza atadzikoka okha mpaka kutsamira pilo, maso ali kuchitseko cha kukhitchini.

"Wafika nthawi yanji?"

Sindinamvetse. Anati, "Usandipusitse, mtsikana iwe. Batala wopserera chonchi ndi wa munthu mmodzi yekha. Wabwera pa basi ya masana eti? Ndinaimva itaima."

Ndinafuna kunena kuti ndine ndaphika, mwa malangizo a m'kalata yanu. Mawu anakanirira pa chilembo choyamba. Ndinalimbana nawo monga mwa masiku onse. Iwo sanadikire. Anakweza dzanja, anati, "Musiye, musiye, usamuitane. Munthu sachotsedwa pa chiwaya. Amalize kaye."

Ndinabwerera kukhitchini. Ndinatembenuza mwendo. Khungu linali lofiirira, louma, ngati la bakha wowotcha inu. Ndinanyenya nyama pang'ono, ndinaisakaniza ndi msuzi wa m'kathumba, ndinaika kachidutswa ka khungu pambali. Ndinawatengera.

Anameza, achimwene. Pang'ono, koma anameza, ndipo anatsegulanso pakamwa okha. Khungu sakanatha kulimeza, analiika palilime n'kumaliyamwa, maso atatseka. Sanalisiye m'mbali mwa mbale. Atatha anapukuta pakamwa, anatembenukira kuchitseko, anakuwa:

"Wachulutsa mchere, mnyamata iwe!"

Ndipo anaseka. Anaseka mpaka misozi. Kenako anandikoka mkono, anandinong'oneza kuti, "Usamuuze, koma amayi ake sankafika apa." Anati watopa ndi ulendo, adye, akagone, tidzacheza mawa. Anagona akumwetulira.

Mawa lake sanadzuke bwinobwino, mankhwala anali atawonjezeredwa. Sanafunsenso. Tsiku linalo masana anapita, ine ndi namwino tili pomwepo. Namwino anati nditsegule zenera kuti mzimu wawo upite bwino, monga tinachitira ndi amayi. Ndinatsegula. Fungo la bakha linali likadali m'makatani, ndipo linatuluka nawo limodzi.

Kaya anakhulupiriradi kuti munali kukhitchini, kaya ankadziwa n'kungosankha kutero, sindikudziwa. Ndaganiza kwambiri, sindikupeza. Bambo sanali munthu wopusitsika, koma sanalinso munthu wopempha. Chimene ndikudziwa n'chakuti sanafunse ngati mubwera. Kwa iwo munabwera, munaphika, ndipo anadya.

Mwendo wanu uja ndautulutsa mufiriji. Uli m'madzi panopa kuti ufunde. Madzi ali pakati pa timizere, kathumba kamira, ndodo ikung'ung'udza bwinobwino. Chiwaya chakuda chili pa chitofu, batala ali pambali. Ine ndapita kukadyetsa abakha.

Muwotche ndinu. Chitseko cha pabalaza musatseke.

Ine mlongo wanu,
Thyra